Jelo wanuyo mwina sanawonongeke, achimwene

Achimwene, mwafunsa ngati jelo wanu wamankhwala wawonongeka poti akumalimba akachoka m'firiji. Musamutaye. Jelo wamankhwala amene amakhala madzimadzi m'firiji koma n'kulimba akakhudza khungu anapangidwa dala choncho. Kawirikawiri mumakhala polima (chinthu cha tizigawo tolumikizana ngati unyolo) yotchedwa poloxamer 407. Ikazizira imasungunuka bwinobwino m'madzi, ikafunda tizigawo take timaunjikana timibulu tothithikana mpaka kugwirana ngati phala la dzulo. Thupi lathu limakhala pa madigiri 37, ndiye jeloyo amakakamira pamene mwapakapo n'kumatulutsa mankhwala pang'onopang'ono, osati onse nthawi imodzi. Ku America mu 2020 anavomereza jelo wotere wotchedwa Jelmyto, wa khansa ya m'njira ya mkodzo, amene amathiridwa ali wozizira n'kukalimbira m'katimo.

Ine ndinaziona tikuphunzira zosakaniza mankhwala. Tinkasungunula ufa wa poloxamer m'madzi ozizira usiku wonse. Tsiku lina mu Okutobala magetsi anathima, kutentha kwa Blantyre mukukudziwa, botolo lonse linagwirana moti kulizondotsa osadontha kanthu. Titaliika m'madzi oundana linasungunukanso.

Komabe jelo kubwerera mwakale si umboni wakuti mankhwala ali m'katimo akadali amphamvu, ena amafooka ndi kutentha. Ngati wagona kunja kwa firiji, wasintha mtundu kapena mwaoneka timibulu tosasungunuka, mutengereni ku famase kapena kwa dokotala amene anakulemberani musanapakenso.