Za Mikado uja wafunsa

Eee, mphwanga, ndalimva funso lako lija, loti Mikado amene wamupeza m'buku la mbiri anali ndani. Si dzina la munthu ayi. Ndi mmene kalelo ankatchulira mfumu yaikulu ya ku Japan.

Mawuwo ndi awiri ophatikiza. Mi ndi kaulemu, kado ndi chipata. Ndiye Mikado ndi chipata cholemekezeka, cha kunyumba yachifumu. Tamvetsa bwino pamenepo, chifukwa ine mpamene pamandikoma. Munthu wamba mfumuyo sankaiona ndi maso, amathera pachipata, ndipo kuitchula dzina kunali chipongwe chachikulu. Ndiye ankangotchula malo amene ikukhala, aliyense n'kudziwa amene akunenedwa. Kwa ife zimenezi si zachilendo. Amayi ako unawamvapo akuitana bambo ako ndi dzina lawo? Amati bambo a uje, basi. Ngakhale Farao wa m'Baibulo uja, kwawoko mawuwo poyamba ankatanthauza nyumba yaikulu.

Tsono zombo zankhondo za ku America zitafika mu 1853, azungu anapeza ngati dzikolo lili ndi mafumu awiri. Ku Edo kunali shogun, mkulu wa asilikali wa banja la Tokugawa, limene linagwira dziko kuyambira mu 1603. Ku Kyoto kunali mfumu yeniyeni, yaulemu wonse koma yopanda asilikali. Pofuna kuwasiyanitsa, wa ku Edo ankamuti Taikun, wa ku Kyoto n'kumati Mikado. Mu 1868 ulamuliro wa shogun unagwa, mphamvu zinabwerera kwa mfumu Meiji, ndipo Edo anasanduka Tokyo. Koma azungu dzina lija anakakamira nalobe. Mu 1885 ku London anachita sewero lanthabwala lotchedwa The Mikado, linatchuka kwambiri, moti ambiri kunjaku mawuwa anawadziwira m'sewero loseketsa. Zimenezo ine zimandiwawa ndithu, mawu aulemu chotere.

Lero ukapita ku Tokyo n'kunena kuti Mikado, akumva, koma zikhala ngati wawerenga m'buku lakalekale. Iwo amati Tennō, kutanthauza wolamulira wakumwamba, ndipo mwaulemu amati Tennō Heika. Mwambo wosatchula dzina uja ukadalipo. Amene alipoyu analowa ufumu pa 1 May 2019 bambo ake Akihito atatula pansi udindo. Ife kuno timamva pa wailesi kuti Naruhito, koma eni akewo pa nkhani zawo samutchula choncho. Mfumu ikamwalira amaitchula ndi dzina la nyengo ya ulamuliro wake. Hirohito, amene analamulira kuyambira 1926 mpaka 1989, kwawo ndi Shōwa Tennō.

Ndiye polemba ntchito yakoyo, ukamanena za m'nthawi ya shogun ndi azungu aja, Mikado ali bwino. Ukamanena za masiku ano ulembe Tennō, ndi kamzere pamwamba pa o. Ukamaliza unditumizire ndione. Upereke moni kwa amayi ako.