Za magemu pa laputopu ija, amalume

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko ku Katete? Onse kunyumbako ali bwino? Uthenga wanu ndaumva, ndiye ndati ndiyankhe ndi mawu chifukwa polemba zingatalike. Ndaika pano pagulu dala kuti msuweni wanga nayenso amve yekha, asamaganize kuti atate ake akungomukaniza.

Mwanena kuti mnyamatayu akufuna kuika magemu pa laputopu ija mumalemberapo za kusitolo, ija ili ndi Linux Mint, pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina m'malo mwa Windows. Wabwera ndi flash yochokera kwa mnzake, ndiponso akupempha pasiwedi yanu, akuti pa YouTube amuonetsa mawu oti alembe pa Terminal, kawindo kolemberamo malamulo a makina. Ndiye mukufunsa kuti mumpatse kapena ayi.

Pasiwedi musampatse, amalume. Zimene zili pa flash ija asaziike. Koma kusewera asewere ndithu, ine ndikufuna asewere, chifukwa njira yabwino ilipo ndipo si yovuta.

Ndiyambe ndi pasiwediyo. Pa Linux pali kamawu kakuti sudo. Munthu akakalemba patsogolo pa lamulo lililonse, n'kuikapo pasiwedi ija, makina amamvera chilichonse, ngakhale lamulolo likhale loti fufuta zonse. Ili ngati kiyi wa kusitolo kwanu: mwana mumamutuma kukagulitsa, inde, koma kiyi wa kumene mumasunga ndalama ndi mabuku a ngongole amagona m'thumba mwanu. Tsono vuto la mawu a pa YouTube aja si lakuti onse ndi oipa. Ambiri ndi abwino. Vuto n'lakuti wokopera sadziwa chimene akukopera. Ena analembedwa zaka zambiri zapitazo, a Linux ya mtundu wina, ndipo pa makina anu angasokoneze. Ena amatenga fayilo pa intaneti n'kuiyendetsa pomwepo ndi mphamvu zonse za sudo, inu osaona n'komwe zimene zili mkati mwake. Mukaona mzere uli ndi mawu akuti curl kapena wget, kenako kamzere koimirira, kenako sudo bash, dziwani kuti ndi wa mtundu umenewo.

Ndipo izi sizigwera ana okha ayi. Mu 2021 munthu wina wotchuka kwambiri pa YouTube pa nkhani za makompyuta, Linus Sebastian, ankaika Steam, pulogalamu yogulira ndi kusewerera magemu, pa Linux ina yotchedwa Pop!_OS. Panali cholakwika m'pulogalamuyo masiku amenewo, ndiye makina anamuchenjeza kuti akapitiriza achotsa zinthu zofunika kwambiri, mpaka kumuuza kuti alembe chiganizo chonse chovomereza. Iye sanawerenge bwino, analemba. Zonse za pasikirini zinachoka, kunatsala mdima ndi zilembo zokha. Anthu ambirimbiri anaonera zimenezo. Ndiye msuweni, iwe mvera: makina akakulembera mndandanda wa zinthu zimene akufuna kuchotsa, ima kaye, jambula ndi foni, nditumizire.

Chochita choyamba, amalume, n'chophweka. Pitani pa Menu, mufufuze Users and Groups, mumutsegulire mnyamatayu akaunti yakeyake. Posankha mtundu wa akaunti musankhe Standard, osati Administrator. Akatero iye adzalowa ndi dzina lake ndi pasiwedi yake, zake zidzakhala kwake, zanu kwanu, ndipo za mkatikati mwa makina sangazisinthe popanda inu kubwera kudzalemba pasiwedi yanu ndi manja anu. Mukamalemba, iye ayang'ane kumbali. Izi si kumukayikira mwana ayi, ngakhale ine ndikanakhala kumeneko ndikanatero.

Musanaike kanthu kalikonse, kopani mafayilo anu a kusitolo muwaike pa flash ina yatsopano, ya inu nokha, yosayendayenda. Maina a anthu amene anatenga feteleza ndi mbewu pangongole, zimene munaoda kuno ku Chipata, zonsezo. Mu Linux Mint muli pulogalamu yotchedwa Timeshift, imasunga chithunzi cha mmene makina alili kuti zikasokonekera mubwerere m'mbuyo. Itsegulani, mupange chimodzi lero lomwe. Koma pano mvetsetsani, chifukwa anthu ambiri amapusitsika: Timeshift mmene imabwerera imasunga za makina okha, zolemba zanu ndi zithunzi zanu siisunga. N'chifukwa chake ndikulimbikira za flash yapadera ija.

Tsopano magemuwo. Khomo lake ndi Software Manager, kasitolo ka mapulogalamu kamene kali kale mu laputopumo. Zambiri zimene zili mmenemo zimachokera ku nkhokwe za Linux Mint ndi Ubuntu (Linux imene Mint anamangidwapo), zili ndi chidindo chimene makina amayamba atsimikiza asanaike, ndipo zikatuluka zatsopano zokonza zolakwika zimabwera kudzera pa Update Manager, kachishango kaja kali pansi pafupi ndi nthawi. Mmenemo muli magemu aulere eni eni, osati obedwa. Muli SuperTuxKart, wa mpikisano wa timagalimoto, amene angasewere awiri ndi mlongo wake pa laputopu imodzi. Muli 0 A.D., womanga midzi ndi kumenya nkhondo zamakedzana, ameneyu ndi wokongola kwambiri ndipo amafuna kuganiza. Muli ndi wina womanga ndi timabokosi wofanana ndi Minecraft, kale ankatchedwa Minetest, mu 2024 anamusintha dzina kukhala Luanti, ndiye afufuze maina onse awiri. Awa akangoikidwa amaseweredwa popanda intaneti, bandulo yanu siikhudzidwa.

Koma ndikudziwa kuti mtima wake uli pa Steam. Steam ndi ya kampani ya Valve ya ku America, ndipo yakhala ikugwira pa Linux kuyambira 2013, ndiye si chinthu chozembetsa ayi. Mu 2018 anatulutsanso chida chotchedwa Proton, chimene chimathandiza kuti magemu ambiri opangidwira Windows aziyenda pa Linux. Kamakina kawo kosewerera kam'manja, Steam Deck, kamene kanatuluka mu 2022, nakonso kamayendera Linux. Ndiye amene akumuuza kuti pa Linux palibe magemu akunena zakale.

Steam muiike inuyo, kuchokera mu Software Manager momwemo. Lembani dzinalo, dinani Install, ikani pasiwedi, basi. Ikavuta pamenepo, malo ena okha amene ndikuvomereza ndi tsamba la eni ake, store.steampowered.com, ndipo muwerenge chilembo chimodzichimodzi, chifukwa akuba amapanga masamba ofanana nalo n'kungosintha chilembo chimodzi. Ikangolowa, mnyamatayu adzaitsegula mu akaunti yake ija, ndipo magemu a mu Steam safuna sudo. Tsiku limene gemu idzapemphe pasiwedi ya Administrator, pali chimene chalakwika.

Potsegula akaunti ya Steam, lamulo lawo ndi zaka 13 kupita m'mwamba, iye wapitirira. Ayatse Steam Guard, chitetezo chotsimikizira pa foni polowa mu akaunti, kuti munthu wina akaba pasiwedi asalowe. Ndipo msuweni, ndikubwererenso kwa iwe. Kumeneko kumabwera mauthenga akuti dina apa ulandire zaulere, kapena akuti akaunti yako yaneneredwa, tumiza nambala yabwera pa foni yako tikuthandize. Ndi anthu omwe aja amaimba foni kunamizira kuti atumiza ndalama molakwika pa mobile money. Nambala yobwera pa foni yako usapatse munthu aliyense, ngakhale atanena kuti ndi wa ku Steam. Khadi la ku banki la atate ako lisasungidwe mmenemo. Pakafunika kugula, agule iwo, ndipo pakabokosi kofunsa ngati khadi lisungidwe pasachongedwe.

Eee, tsono flash ija. Ndikuganiza ili ndi magemu aja amakoperana anyamata m'tauni, ochotsedwa loko, okhala ndi fayilo yothera ndi .exe. Anthu amakonda kunena kuti Linux siigwidwa vairasi. Mawu amenewa ndimawadandaula, chifukwa ndi amene amachititsa anthu kutayirira. Zoona zake n'zakuti fayilo ya Windows payokha siyenda pa Linux. Koma kuti gemu ya pa flash ija iyende, adzaika pulogalamu yotchedwa Wine, imene ntchito yake ndi kuyendetsa za Windows. Wine sasankha. Akayendetsa gemu, amayendetsanso chilichonse chobisala mkati mwa gemuyo. Ndipo mmene amabwerera, Wine amaona mafayilo onse amene munthu womuyendetsayo ali ndi chilolezo chowaona. Tiyerekeze wayendetsa mu akaunti yanu: chinthu chija chingawerenge zolemba zanu, chingathe kuzimanga n'kufuna ndalama kuti chizimasule, chingatenge mapasiwedi osungidwa. Amene anachotsa loko pa gemu ija simumudziwa, mnzake wa mwanayu samudziwa, ndipo sanagwire ntchito yonseyo chifukwa chokonda ana a ku Katete. Wine payekha si woipa, ndi pulogalamu yabwino yakalekale, Proton yemweyo anamangidwa pa iye. Choopsa ndi chimene mwamupatsa kuti ayendetse.

Ndinene za mpira, chifukwa ndikudziwa ndi umene akufuna, FIFA ija, imene kuyambira 2023 ikutchedwa EA Sports FC. Msuweni, apa ndikuuza zoona kuti usataye nthawi ndi data. Zatsopanozi zili ndi chida choletsa kubera chimene sichilola Linux. Fortnite chimodzimodzi, Valorant chimodzimodzi. Si vuto la laputopu, eni ake magemuwo ndi amene anatseka. Ndiye ukaona vidiyo yolonjeza kuti dawuniloda ichi Fortnite iyenda pa Linux, dziwa kuti ndi msampha. Usanagule kapena kudawuniloda gemu iliyonse, tsegula tsamba lotchedwa ProtonDB, lemba dzina lake. Kumeneko osewera amalemba okha ngati yayenda pa makina awo. Ukaona Platinum kapena Gold, pali chiyembekezo. Ukaona Borked, isiye.

Palinso mphamvu ya laputopuyo. Ngati ilibe khadi la zithunzi lapadera, ili ndi Intel ya mkati yokha, magemu akuluakulu adzakhala akudukaduka ngakhale aikidwe bwino chotani. Counter-Strike 2 ndi Dota 2 ndi aulere pa Steam ndipo amayenda pa Linux mwachindunji, koma Counter-Strike 2 ndi yolemera, pa makina akale siisangalatsa. Ngati pali kachizindikiro ka Nvidia pafupi ndi mabatani, tsegulani Driver Manager, musankhe draiva (pulogalamu yoyendetsa khadilo) imene yalembedwa kuti recommended. Madiraiva musakawatenge kwina.

Za data nazo musazione mopepuka. Gemu imodzi yaikulu imadya magigabaiti makumi angapo, ndipo Steam imakonda kudzikonza yokha ikangomva intaneti. Mwana akalumikiza laputopu ku foni yanu, bandulo ya mwezi ingathe musanamalize kudya nsima. Alowe mu Properties ya gemu iliyonse, pa Updates, asankhe kuti izidzikonza pokhapokha akaitsegula. Kukula kwa gemu kumalembedwa pa tsamba lake asanayambe, aziyang'ana kaye. Ubwino wake, kudawuniloda kukaduka Steam imapitiriza pamene inalekezera.

Malaiti ndiwo ndikuwaopa pang'ono. Gemu ikaduka pakati palibe kanthu. Koma Update Manager akamagwira ntchito, makamaka akamasintha kernel, mtima wa Linux, kapena madiraiva, makina akazima pakati angakane kudzuka. Ndiye zimenezo muzichita batire ili yodzaza. Ndipo muzichita ndithu, musamakadumphe kachishango kaja, chifukwa chitetezo chenicheni chili mmenemo, ndipo ngati yanuyo ndi Linux Mint 22, ikulandira zokonza mpaka 2029. Ndi kutentha kwa Okutobala kuno kwathu, asasewerere pabedi kapena pa bulangete, mabowo a pansi aja amatsekeka, fumbi n'kudzaza mu fani. Aike patebulo, kumbuyo kwake akweze pang'ono kuti mpweya uzidutsa.

Chimene ndikupempha madzulo ano, amalume: tsegulani Menu, mulembe System Info, mujambule zimene zatuluka, munditumizire kuno. Pamenepo ndiona mtundu wa Mint, kukula kwa RAM ndi khadi la zithunzi, ndiye ndimuuza mnyamatayu magemu amene angayende. Iyenso anditumizire maina a amene akuwafuna, atatu kapena anayi, tiwayang'ane limodzi pa ProtonDB. Loweruka mukabwera kudzaoda katundu ku Down Shops mubwere nayo laputopuyo pamodzi ndi chaja, ndi iye yemwe abwere, tidzaike Steam ali pomwepo akuona. Mupereke moni kwa onse.