Kanyali ka oyilo kakuthwanima pa HiAce yakale: ndizule waya?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya m'bale wina amene amayendetsa minibasi pakati pa Limbe ndi Zomba. Galimoto yake ndi Toyota HiAce yakale, ya injini ya dizilo yotchedwa 3L. Akuti injini ikatentha, kanyali kofiira ka oyilo kamayamba kuthwanima akaima pa siteji, koma akangoponda moto kamazima. Oyilo ndi wodzadza, injini ikulira bwinobwino. Mnzake wamuuza kuti ndi swichi yoyatsa kanyalika chabe, angozula waya. Ndiye akufunsa ngati azuledi.

Achimwene, musazule. Mnzanuyo mwina akunena zoona, poti pa galimoto zokalamba chonchi swichi imanamadi kawirikawiri. Chondidetsa nkhawa n'chakuti injini imene ma bearing ake (tizitsulo timene shafti yaikulu ya injini imazungulirapo) atha imachitanso chimodzimodzi: kuthwanima ikatentha, kuzima mukaponda. Khutu silingasiyanitse ziwirizi.

Kanyalika sikadziwa kuti mu sampu, chibeseni cha pansi pa injini chokhalamo oyilo, muli oyilo wochuluka bwanji. Ntchito yake ndi presha, mphamvu imene pampu ikukankhira oyilo m'njira za m'kati mwa injini. Swichi ija ndi kachitsulo ka waya umodzi komangidwa pa injini. Presha ikasowa, imagunditsa wayawo ku thupi la injini ndipo kanyali kamayaka. Presha ikangofika cha m'ma 0.2 kapena 0.3 bar (bar ndi muyezo wa presha) imalekanitsa, kanyali n'kuzima. Mlingo umenewu ndi wochepa zedi, kotero kanyali kakamanena zoona ndiye kuti zinthu zafika kale poipa.

Yambani ndi chosafuna ndalama. Tsegulani kiyi osaliza injini, tukulani mpando, muchotse waya pa swichi. Kanyali kayenera kuzima. Gunditsani wayawo pa chitsulo cha injini, kayenera kuyaka. Kenaka uleketseni m'malere n'kugwedeza mtolo wa mawaya wina akuyang'ana pa dashibodi. Kakaphethira ngakhale kamodzi, waya wasupuka penapake ndipo ukukhudza chitsulo. Pa HiAce injini ili pansi pa mpando, malo otentha ndi opanikizika, mawaya amauma n'kumasweka okha. Onaninso pamutu pa swichi. Mukapeza oyilo pamene pamalowa waya, yang'ambika m'kati, yatha ntchito.

Ngakhale mupeze chimodzi mwa izi, ndikupemphabe kuti muyeze presha ndi geji yeniyeni, ya singano ndi paipi. Amakaniko ambiri a dizilo ali nayo. Mumamasula swichi n'kumanga geji pamalo pake. Mazinga a Toyota pamenepa ndi a mtundu wotchedwa 1/8 BSPT. Pali ena a 1/8 NPT ooneka ngati omwewo koma osiyana pang'ono, ndipo mukawakakamiza muwononga bowo.

Apa ndiye pamene ambiri amalakwira: amayeza m'mawa injini ili yozizira, singano n'kukwera, onse n'kusangalala. Oyilo wozizira ndi wolimba, amabisa matenda. Inu vuto lanu limabwera mutayenda, choncho yezani injini itatentha ndithu, monga imakhalira mukafika ku Zomba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa injini za 3L ndi 5L, Toyota imafuna presha yosachepera 0.3 bar injini ikungolira yokha, ndi pakati pa 3 ndi 5.5 bar pa 3000 rpm (injini ikamazungulira ka 3000 pa mphindi). Ine ndikaona singano ikungokhudza 0.3 mtima sukhala pansi, chifukwa injini yathanzi imapitirira pamenepo kutali.

Geji ikaonetsa bwino, gulani swichi yabwino, nkhani yatha. Pomanga musakulunge tepi yambiri pa mazinga, chifukwa magetsi ake amadutsira pomwepo. Tepi ikachuluka kanyali kangasiyiretu kuyaka, inu n'kumati mwakonza.

Geji ikaonetsa presha yotsika, musathamangire kuphwasula injini. Nunkhizani oyilo wa pa dipstick, kachitsulo koyezera oyilo kaja. Akamamveka dizilo, kapena akamachuluka yekha osathira, dizilo akutsikira mu sampu n'kumusungunula. Thirani watsopano wa 15W-40 ndi fyuluta yodalirika, mufufuze kumene dizilo akudutsira, muyezenso. Onaninso ngati injini sikulira motsika kwambiri ikaima. Zikapanda kusintha, tsitsani sampu muone kasefa kamene pampu imayamwira oyilo. Ndakhala ndikukapeza katatsekeka ndi phala lakuda la oyilo wokhalitsa, ndiponso zidutswa za silikoni zimene wina anapaka mowolowa manja potseka sampu. Kasefako kakakhala koyera, apo mpamene tikambe za pampu ndi ma bearing.

Ndikulimbikira chonchi chifukwa ndinaonapo minibasi imene anachotsa babu la kanyalika kuti lisamasowetse dalaivala mtendere. Inabwera pa galaja chokokedwa, injini itanoka, crankshaft (shafti yaikulu ija) itakalika. Mwini wake anakhala nthawi yaitali osagwira ntchito akusaka ndalama, ndipo zinandipweteka chifukwa kuyeza kukanangotenga ola limodzi.

Pakadali pano, kanyali kakayaka osazima muli pa liwiro, kapena mukamva kugogoda pansi pa mpando, patukani muzimitse pomwepo, ngakhale anthu adandaule. Mukayeza, munditumizire manambala onse awiri, la injini ikungolira yokha ndi la pa 3000 rpm, mundiuzenso oyilo amene mukuthira ndi makilomita amene wayenda chimuthirireni.