Mwana akagwira ganizo loyamba n'kukana kulisiya

Mphunzitsi wina wanditumizira imelo sabata yathayi. Akuti: "Ana anga amawerenga mosadodoma, koma akangoganiza kanthu pa ndime yoyamba amakakamira pomwepo mpaka kumapeto, ngakhale nkhaniyo iwatsutse. Ndiwathandize bwanji?"

Aphunzitsi, vutoli si la m'kalasi mwanu mokha. Mu 1979, katswiri wa kaganizidwe ka ana, Ellen Markman, anawerengera ana a pulayimale tinkhani tokhala ndi mfundo zotsutsana. Kena kamati pansi penipeni pa nyanja palibe kuwala ngakhale pang'ono, kenaka n'kunenanso kuti nsomba za kumeneko zimadziwa chakudya chawo poona mtundu wake. Ana ambiri sanaonepo chovuta. Mawu onse anawamva, koma sanadzifunse ngati zomwe akumva tsopano zikugwirizana ndi zomwe amva kale.

Kudzifunsa kotereku kumachitika m'mutu, ndiye mwana sanaonepo munthu akukuchita. Choncho yambani inuyo kulakwitsa, iwo akuona.

Tiyerekeze kuti mukuwerenga nkhani ya mnyamata amene akulowa m'nyumba ya eni usiku, kudzera pa windo. Imani, nenani mokweza kuti, "Ameneyu ndi wakuba basi," ndipo mulembe pa bolodi. Pitirizani. Ndime yotsatira ikutchula utsi, ikutchulanso khanda likulira m'katimo. Apo ikani chala pa mawuwo: "Iii, taimani kaye. Utsiwu ukuchokera kuti? Ndinafulumira ine, mwina akukapulumutsa mwana." Chonde musafufute zomwe munalemba poyamba zija. Ingodulani ndi mzere umodzi, ganizo latsopanolo mulilembe pambali pake. Ana aone onse awiri.

Kenaka achite okha m'makope mwawo: "Poyamba ndimaganiza kuti... Tsopano ndikuganiza kuti... chifukwa..." Ine mtima wanga uli pa "chifukwa" ameneyu. Mwana akalephera kuloza mawu amene amusinthitsa maganizo, ndiye kuti wangotengera mnzake wapambali.

Akazolowera, agaweni m'timagulu. Njira imene akatswiri a zamaphunziro, Annemarie Palincsar ndi Ann Brown, anafalitsa mu 1984 imati ana azisinthana kutsogolera anzawo pa zinthu zinayi: kulosera, kufunsa mafunso, kumveketsa pamene pasokoneza ndi kufotokoza mwachidule. Yesani, imathandiza.

Koma pali chinthu chimodzi chomwe chimandiwawa ndikachiona. Timaombera m'manja mwana amene walosera molondola, uja wasintha maganizo n'kumamuyang'ana ngati wagwa mayeso. Nanga angayerekezenso kuvomera kuti analakwitsa? Mukamaliza kuwerenga, funso lanu loyamba likhale lakuti, "Ndani wasintha maganizo, ndipo ndi pa ndime iti?" Amene wakweza dzanjayo ndiye mumuitane kutsogolo.

Musamaimitse ana pa chiganizo chilichonse, nkhani imatha kukoma. Iwerengeni nokha madzulo, muchonge ndi pensulo malo awiri kapena atatu pamene ikukhota, ndipo mawa mukaime pamenepo pokha.