Mugulireni buku lachiwirilo, koma muyambe mwalionako

Mayi, mwafunsa ngati n'koyenera kumugulira mwana wanu buku lachiwiri la nkhani yopeka ya gulu la achinyamata akuba. Mugulireni buku lachiwirilo, musazengereze. Mtsikana wa zaka 14 amene wamaliza loyamba n'kumafunsa usana ndi usiku kuti gulu la akuba lija lithera kuti, ameneyo wayamba kukonda kuwerenga, ndipo moto wotere suchedwa kuzima ukapanda kusonkhezera.

Nkhawa yanu yoti nkhani zoterezi zingamuphunzitse kuba ndaimva, koma ine ndawerenga mabuku ambiri a mtunduwu ndipo sindikuona choncho. Chimene chimakoka mtima si katundu wobedwayo ayi. Ndi mmene achinyamata a luso losiyana, wina wotsegula maloko, wina wamatsenga, wina wodziwa kupusitsa alonda, amakakamizikira kudalirana pomwe aliyense ali ndi chinsinsi chake. Wolemba amakubisira mbali ina ya pulani, iwe n'kumati zonse zawonongeka, kenako n'kuzindikira kuti mtsogoleri anaziwerengera kale. Pamenepo ine ndimabwerera m'mbuyo kukafufuza pomwe panabisala yankho, ndipo ndi pomwe pamandikomera kwambiri.

Chokhacho, buku lachiwiri nthawi zambiri limalemerako kuposa loyamba: kubwezera, kuperekana, mwinanso imfa ya munthu amene owerenga amamukonda. Mabuku a achinyamata amalembera a zaka 12 mpaka 18, ndiye ena amayenera okulirapo. Werengani mitu ingapo nokha, kapena funsani woyang'anira laibulale kapenanso aphunzitsi ake. Mukaona kuti wayamba kulota zoopsa kapena wakhala wokhumudwa masiku ambiri, kaonaneni ndi mlangizi wa ana.