Diso silikupweteka, komabe pitani nawo lero

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri ndipo mtima sunakhale m'malo. Mwati bambo anu, azaka 62, kuyambira dzana akuona kuwala kong'anima ngati mphezi m'diso lakumanja, kenaka tinthu takuda touluka ngati ntchentche, ndipo lero m'mawa akuti mbali imodzi kwada ngati wina wakoka katani. Diso silikupweteka, silinafiire, ndiye mukufunsa ngati mungadikire tsiku limene anakulemberani ku kiliniki ya maso mwezi wamawa. Chonde musadikire. Nyamukani nawo lero lino, mukalowere khomo la odwala mwadzidzidzi, kumene ambiri timati ku casualty. Ndagwira ntchito ya unamwino ku kiliniki ya maso zaka zingapo, ndipo zizindikiro zitatuzi zikabwera motsatizana chonchi timayamba taganizira za retina imene ikumatuka, mpaka dokotala atatsimikiza kuti si zimenezo.

Retina ndi kachikopa kopyapyala kamene kanayalika mkati mwa diso cha kumbuyo, ndipo ndi kamene kamalandira kuwala n'kutumiza uthenga ku ubongo. Kutsogolo kwake kuli madzi olimba ngati jele. Munthu akamakula jeleyu amafota n'kuyamba kukoka retina, kukokako ndiye kung'anima kumene bambo akuona. Akakoka kwambiri retina imang'ambika, timagazi n'kumwazikira m'diso, ndiye ntchentche zija. Zikatero madzi amalowa pong'ambikapo n'kumaitukula pang'onopang'ono, monga mmene pepala lomatidwa pakhoma limamatukira likanyowa. Pamene yamatuka sipaonanso, ndiye katani uja. Retina ilibe mitsempha yomva ululu, choncho zonsezi zimachitika munthu ali phee, akudya bwino, akugona bwino.

Chimene chikutithamangitsa ndi kadera kakang'ono pakati pa retina kotchedwa macula. Ndi kamene timawerengera, kulowetsera ulusi pa singano ndi kuzindikirira nkhope za anthu. Ngati retina yangong'ambika, dokotala amamata m'mbali mwa bala ndi laser kwa mphindi zochepa, munthu n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Ngati yayamba kumatuka koma sinafike pa macula, madokotala amayesetsa kuchita opaleshoni pasanathe maola 24 kapena kuposerapo pang'ono. Katani akangofika pakati, opaleshoni imachitikabe, koma nthawi zambiri diso silibwereranso mmene linalili.

Sindiiwala m'mawa wina pamene pabenchi panakhala anthu awiri moyandikana. Wina anali mnyamata, diso lili psuu ngati alithira magazi, akunjenjemera ndi mantha. Kamtsempha kakang'ono pamwamba pa choyera cha diso kanaphulika atatsokomola usiku wonse. Anawerenga zilembo zonse mpaka mzere wapansi, tinamuyeza BP, tinamuuza kuti pakatha sabata imodzi kapena ziwiri zidzatha zokha. Pambali pake panali bambo wina, telala, diso loyera bwinobwino, atapinda manja modekha. Iwo katani anamuona masabata atatu m'mbuyomo, koma anati poti sipakupweteka amalize kaye zovala za anthu. Titawatseka diso labwino, ngakhale chilembo chachikulu chapamwamba sanachione. Ndinawaonetsa zala patsogolo penipeni pa nkhope, iwo n'kumatembenuza mutu kufunafuna pamene pali dzanja langa. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa akanabwera sabata yoyamba ija nkhani ikanakhala ina.

Mukafika, musangoti diso likuwavuta, angakuikeni pamzere wa anthu ofuna magalasi. Nenani momveka kuti kuyambira dzana akuona kung'anima ndi tinthu takuda, lero mbali imodzi sakuona. Namwino wosankha odwala akamva mawu amenewa amadziwa kuti si za mawa. Awauzenso ngati amavala magalasi oonera patali, ngati anachitidwapo opaleshoni ya ng'ala, kapena ngati anamenyekapo padiso, chifukwa zonsezi zimawonjezera mpata woti retina imatuke. Tengani magalasi awo, mapepala akuchipatala ndi mankhwala onse amene amamwa, makamaka a shuga, a BP, ndi osungunula magazi monga warfarin kapena aspirin.

Kumeneko awawerengetsa zilembo ataima mamita 6, diso lililonse palokha. Ayeza mphamvu ya madzi a m'diso, imene mwa munthu wabwinobwino imakhala pakati pa 10 ndi 21. Kenaka adontheza mankhwala okulitsa mwanadiso, mudikira mphindi 20 kapena 30, ndipo dokotala aunika mkati ndi nyali yowala kwambiri. Mankhwalawa amachititsa kuona mwachimbuuzi kwa maola 4 mpaka 6, choncho asayendetse galimoto kapena njinga, muwaperekeze. Asanadye chilichonse kumeneko mufunse kaye namwino, mwina angafunike kulowa ku theatre, kochitira opaleshoni.

Ndaona wina wayankha kuti mungogula mankhwala odontheza m'maso. M'bale wanga, palibe dontho limene lingamate retina. Ndipo chizolowezi chogula madontho mwachisawawa kapena kubwereka otsala kwa mnzathu chawononga maso ambiri. Ena mwa madonthowa amakhala ndi mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa steroid, monga dexamethasone kapena prednisolone. Kufiira kumathadi msanga, koma ngati pagalasi lakunja la kutsogolo kwa diso pali chilonda cha herpes kapena cha fangasi, chimakula mobisa mpaka kuboola diso. Akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amakwezanso mphamvu ya madzi a m'diso ndi kuyambitsa ng'ala.

Poti ambiri muwerenga, nditchuleko zina zosadikira mawa. Simenti, laimu, soda wopangira sopo kapena asidi wa batire zikalowa m'diso, apa pokha musathamangire kuchipatala musanatsuke. Tsegulani zikope ndi zala, thirani madzi oyera osalekeza kwa mphindi zosachepera 20, kenaka nyamukani. Simenti ndi laimu ndi zoopsa kuposa asidi chifukwa zimapitiriza kudya mkati. Kachitsulo kakathethekera m'diso pokhoma ndi nyundo, kapena chinthu chikabaya, musazule, musatikite, musafinye. Vindikirani kapu yoyera padiso osakhudza, mumange pang'ono, muzipita. Diso likamapweteka koopsa, lofiira, mutu ukuwawa mbali imodzi, munthu akuchita nseru kapena kusanza ndi kuona utawaleza kuzungulira nyali, imeneyo ingakhale glaucoma yadzidzidzi, matenda okwera mphamvu ya madzi a m'diso. Mphamvu ya madzi imatha kukwera kupitirira 50 ndipo mtsempha wa diso ungafe m'masiku ochepa. Diso likangozima mwadzidzidzi popanda ululu, ngakhale libwerere pakapita mphindi zingapo, muziona ngati sitiroko. Khanda losakwana masiku 28 likatupa zikope ndi kutuluka mafinya, lipite tsiku lomwelo, chifukwa chinzonono chimatha kuboola diso la khanda m'masiku awiri okha. Mwana amene mwanadiso wake akuoneka woyera, kaya pamaso kaya pachithunzi, naye aonedwe mwachangu.

Za ku OPD, kumene odwala amaonedwa n'kubwerera kwawo, ndi zija zobwera mwakachetechete kwa miyezi: ng'ala, kulephera kuwerenga zilembo zing'onozing'ono, maso oyabwa, kachotupa ka pachikope, ndi kuyezetsa maso kamodzi pachaka kwa odwala shuga. Zimenezo mungadikire tsiku lanu.

Za bambo anu sizili m'gulu limenelo. Musananyamuke, atseke diso lamanzere ndi chikhatho, ayang'ane nkhope yanu, anene mbali imene sakuiona ndiponso ngati mphuno yanu ikuonekabe. Lembani nthawi imene mwayesa, mukauze dokotala. Ngati chipatala chapafupi chilibe dokotala wa maso, pemphani kalata yokutumizani kumene aliko lero lomwe, ndipo akakaonedwa mukumbutse kuti aunikenso diso linalo, chifukwa retina ikang'ambika mbali imodzi inayo imafunika kuiyang'anira. Mutiuze mmene mwayendera, achemwali.