Musalole buku la mahatchi limuuze zimene mukanamuuza inu

Mayi wina wa ku Area 25 wandilembera imelo. Akulera mwana wa malemu mng'ono wawo, mtsikana wa zaka 9, ndipo mlamu wawo wa ku America watumiza mabuku a ana achikhristu, aja onena za mtsikana wamasiye amene watengedwa ndi banja loweta mahatchi. Akufunsa ngati n'koyenera kumupatsa. Kumapeto kwenikweni awonjezera kuti mwanayo sadziwa kuti anamubereka si iwo.

Mayi, mawu omalizawo ndi amene andisowetsa tulo.

Ine ndinaleredwa ndi mayi aakulu ku Dedza. Sanandisale ngakhale pang'ono. Zovala za Khirisimasi ankatigulira tonse tsiku limodzi, ndipo pokalipa ankatikalipira mofanana. Koma za mayi ondibereka ndinakazimvera kuchigayo. Ndili pamzere ndi dengu langa la mphale, mayi wina anandiyang'anitsitsa n'kukodola mnzake: "Kodi si uyu wa malemu uja? Nkhope yonseyi ndi mayi ake." Ndinabwerera kunyumba tsitsi lili mbuu ndi ufa, osafunsa munthu aliyense. Ndinangoyamba kudya pang'ono, kutsuka mbale osatumidwa, kusiyira anzanga nyama m'mbale, poopa kuti ndikalakwa andibweza. Kondibwezako sindinkakudziwa n'komwe. Anthu ankandiyamikira kuti ndine mwana waulemu, pamene anali mantha okhaokha.

Mabuku amtunduwu ndawerengako angapo. Nkhani zake zimachitikira kumafamu a ku Montana, Texas kapena Kentucky. Mwana amafika ali wokwiya, atadutsa kale m'makomo angapo, ndipo m'khola amapezamo hatchi yosakhulupirira munthu. Ku America kulidi mahatchi akutchire otchedwa mustang, amene amatetezedwa ndi lamulo la 1971, ndipo boma limagwira ena n'kuwapereka kwa anthu kuti awawete. Olemba amakonda kuika hatchi yotereyi pafupi ndi mwanayo kuti azoloweretsane. Pali zabwino ndithu. Hatchi yamantha siimenyedwa, munthu amakhala nayo pafupi mwakachetechete mpaka ibwere yokha kudzamununkhiza dzanja. Komanso m'mabukumo nkhani ya kuleredwa amaitchula poyera, patebulo, popanda kunong'onezana.

Chimene chimandipweteka ndi mathero ake. Mwana uja amafatsa, amapemphera, amathokoza, basi nkhani yatha, ngati kuti chisoni chake chinali khalidwe lakutchire lofunika kulichotsa. Mayi womubereka amazimiririka pofika mutu wachitatu. Izi ndimakana, ndipo ndikamaziganizira kwambiri ndimakaniratu. Mwana amene mayi ake ali kumanda ali ndi ufulu wowalira ngakhale akudya bwino m'nyumba mwanu. Olembawa amathamangira Aefeso 1:5, kuti Mulungu anatitenga kukhala ana ake, ndipo ndi zoona. Koma Baibulo lomwelo silifufuta makolo a mwana woleredwa. Moredekai anatenga Estere ngati mwana wake, komabe Estere 2:15 akumutchulabe kuti mwana wa Abihaili. Mose anakulira kunyumba ya Farao, koma anayamwa bere la mayi ake enieni, ndipo atakula ankadziwa kuti abale ake ndi ati.

Ngakhale mwambi wathu uja, mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndimaukonda theka loyamba lokha. Zakuti ukachenjera manja udya naye zaika ana ambiri pangongole imene sanaitenge.

Za mahatchizo musadandaule kuti mwana sazimva chifukwa kwathu kuno ndi osowa. Ambirife tinakula tikuona abulu akukoka ngolo, hatchi n'kudzaiona tili akuluakulu pamwamba pa phiri la Zomba. Ana sasamala zimenezo. Ndipo pali kanthu kena kokhudza mahatchi kamene ndikanakonda olembawa akanamakalemba. Hatchi imakhala ndi bere pafupifupi miyezi 11, ndipo ikafa pobereka, oweta amafunafuna ina yoyamwitsa. Imeneyo imazindikira mwana wake ndi fungo, choncho mlendoyo ikhoza kumukana ngakhale kumuponda. Amayamba awayang'anira pafupi, nthawi zina kwa masiku, mpaka italola. Wolera nayenso amafunika nthawi. Inu munaika m'manda mng'ono wanu n'kubwerako ndi mwana kumsana. Kodi alipo anakufunsani ngati munapeza mpata wolira?

Nanga mabukuwo?

Mupatseni, koma musanatero mumuuze nokha. Sankhani tsiku lopanda alendo, tulutsani chithunzi cha mayi ake, tchulani dzina lawo, mumuuze kuti anali mng'ono wanu ndipo iye sakupita kulikonse. Ngati pakamwa pakulemera, itanani malume ake akhale nanu. Kenako buku loyamba muwerengere limodzi, mutu umodzi madzulo aliwonse, ndipo pamene mayi womubereka wasowa m'nkhanimo, imani mumufunse kuti akuganiza kuti mtsikanayo amawakumbukirabe kapena ayi. Zamapepala olerera mwanayo mwalamulo, ngati simunalongosole, yambirani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma lanu.